Nsapato zomwe azungu sanazione

Dzulo mwana wanga amapukuta nsapato zake zakusukulu, ndipo fungo la polishi lija linandiutsira mkwiyo wakalekale.

Ndili mwana ku Kabwata, kutchalitchi kwathu kunabwera mmishonale wachizungu, mayi wamtali, kamera ili pakhosi. Anati ajambula ana kuti Akhristu akwawo akatione. Amayi anandidzoza mafuta mpaka m'makutu, atate n'kupukuta nsapato zanga za Khirisimasi mpaka zinawala.

Titafika, mayi uja anandiyang'ana kumapazi, n'kunong'oneza ba Zulu, mkulu wa mpingo.

"Iwe, vula nsapato," anatero ba Zulu. "Uime apo pafumbi. Ndipo osaseka."

"Nanga azunguwo akaziona bwanji?" ndinafunsa.

"Ndati vula."

Ndinavula, misozi ili chuchuchu. Mayi uja anakondwa, n'kundijambula katatu. Ine ndinkayesa kuti kwawoko amapemphera opanda nsapato, ngati Mose pachitsamba choyaka, moti ndinawamvera chisoni poganizira mmene kumazizirira kwa azungu.

Chaka chotsatira tchalitchi chathu chinafoleredwa malata atsopano. Mpaka lero akamadontha ndimapsa mtima, chifukwa mayi uja anakawapemphetsa kwawo ndi zithunzi za mapazi anga, ngati kuti ndinalibe atate ondigulira nsapato.