Nataipi ndi Katoni ya Mafulashi Abodza

Lolemba limenelo, mafulashi osungira mafayilo a pakompyuta anayamba kubwerera kwa amene anawagulitsa.

Woyamba kubweza anali mtsikana wogwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Sanapereke moni. Anangoika fulashi patebulo n'kunena kuti, "Mayi, mulibe kanthu umu." Wachiwiri anachita kuiponya. Pofika nthawi yolowa m'kalasi, patebulopo panali mulu, ndipo anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, anali atazungulira mayi mmodzi pakhonde la sukulu yamadzulo, aliyense akukalipa zake.

Mayiyo ankadziwika ndi dzina loti Nataipi. Dzinali analitenga ku ofesi kumene anataipa makalata kwa zaka khumi ndi zinayi, kufikira tsiku limene mabwana anaona kuti aliyense angathe kudzitaipira yekha pakompyuta yake. Anamupatsa kalata yomuthokoza, imene anaitaipa yekha. Anatuluka pageti ali ndi zaka makumi anayi, ana aakazi awiri, ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya achimwene ake.

Ndalama zimene anapatsidwa pochoka anagulira laputopu yakale ndi katoni ya mafulashi makumi asanu ndi limodzi, otchipa, ogula pamodzi ku holoselo. Maganizo ake anali abwino ndithu. Ophunzira a sukulu yamadzulo ndi anthu ogwira ntchito masana: alonda, ogulitsa m'masitolo, oyendetsa magalimoto. Amafika phunziro lili pakati, tsiku lina osafika n'komwe. Nataipi anapempha manotsi kwa aphunzitsi, anawataipa mwaukhondo, anawonjezapo mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo ndi mavidiyo a maphunziro, zonsezo m'kafulashi kamodzi kolowa m'thumba la malaya. Ahedi anamulola kuika tebulo pakhonde. M'sabata ziwiri anagulitsa makumi asanu.

Tsopano anthu ankati akalowetsa fulashi mukompyuta, mayina a mafayilo akuoneka onse bwinobwino, koma ukatsegula, mulibe kanthu.

Ahedi anali munthu wosakweza mawu. Anadikira kuti ophunzira alowe, kenako anafika patebulopo.

"Mayi, ine ndinakulolani chifukwa ndinaona kuti mukuthandiza. Koma mayeso atsala sabata zisanu, ndipo anthuwa akuti sukulu yawabweretsera wakuba. Pofika Lachisanu, tebuloli lichoke."

"Ndamva, bambo," anayankha Nataipi.

Tebulo limenelo ndilo linali ntchito yake yonse. Panalibenso kwina kolowera.

Kunyumba, achimwene ake sanachedwe kupereka maganizo. "Ndinakuuza ine, iwe, gulitsa tomato ngati anzako. Tomato akaola umamuona ndi maso. Izi za makompyutazi zimaolera m'kati."

Nataipi sanatsutse. Pa mfundo ya kuolera m'katiyo, achimwene sananame.

Panali njira ziwiri zosavuta. Akanatha kunena kuti makompyuta a ophunzirawo ndiwo ali ndi matenda, ndipo ena akanakhulupirira. Akanathanso kungosowa, tebulo n'kulisiya pompo. Lachiwiri m'mawa, iye ananyamula katoni yake n'kupita ku holoselo.

Mwini holoselo anamulozera chikwangwani cha pakhoma. "Mayi, katundu akatuluka pakhomo ili sabwerera. Ine sindipanga mafulashi, ndimangogulitsa." Mwina naye ananamizidwa ndi amene anamugulitsa, zimenezo sitingazidziwe. Chimene tikudziwa n'chakuti Nataipi anatuluka ndi katoni yake pamutu monga analowera.

Pafupi pomwepo panali kashopu ka mayi wina wokonza mafoni, amene anthu ankangomutcha Dokotala. Nataipi analowa n'kufotokoza zonse.

"Munawayesa musanagulitse?" anafunsa Dokotala.

"Ndinayesa. Ndinkati ndikaika mafayilo, ndimaona kuti mayina onse alipo."

"Mayina! Kumanda nakonso mayina alipo, mayi, koma mukagogoda sayankha."

Dokotala anatenga fulashi imodzi n'kuizunguza m'manja. "Iyi kunja yalembedwa kuti ndi ya magiga 32, ndipo kompyuta nayo imauzidwa bodza lomwelo. Koma m'katimu malo enieni ndi a magiga awiri basi. Ikadzaza, siikana. Imalandirabe katundu, n'kulemba dzina, katunduyo n'kumutaya."

"Nanga munthu angadziwe bwanji?"

"Idzazeni mpaka pakamwa. Izuleni, muibwezerenso, kenako mutsegule zonse, makamaka zimene zalowa pomaliza. Njira yachidule palibe."

Nataipi anazindikira kuti sanangonamizidwa chabe, koma kuti nayenso anali ndi mbali yake: anayesa katundu ndi maso okha, n'kupatsa anthu oti akukalemba mayeso.

Dokotala anamubwereka kachipangizo kolowetsa mafulashi anayi nthawi imodzi. Masana onse a Lachiwiri ndi tsiku lonse la Lachitatu, Nataipi anakhala pampando m'chipinda chake akudzaza, kuzula, kubwezera, kutsegula. Yabodza ankaiponya m'beseni. Yabwino ankaidontheza kadontho kofiira ndi utoto wa zikhadabo wa mlamu wake.

"Alamu, utoto wanga mukupaka mafulashi? Akupita ku ukwati?" anafunsa mlamuyo ataima pakhomo.

"Akupita ku mayeso, alamu. Awoneke bwino."

Pa mafulashi makumi anayi ndi awiri amene anali nawo m'manja, a kadontho anapezeka khumi ndi asanu ndi awiri okha.

Koma chimene chinamusowetsa mtendere si amene anabweza mokalipa aja. Anthu khumi ndi asanu ndi atatu sanabweze. Ena mwa iwo mwina anali asanatsegule n'komwe, akusungira sabata yomaliza, mtima uli m'malo kuti manotsi ali m'thumba. Palibe amene akanamudzudzula Nataipi akanawasiya anthu amenewa. Tebulo linali likuchoka kale.

Lachinayi anadzuka m'mamawa, laputopu m'chikwama, n'kuyamba kuwasaka kuntchito kwawo. Ankadziwa nkhope zawo, ndipo kumene sankadziwa ankafunsa anzawo a m'kalasi. Anafika ku sitolo ya nsapato, ku galaja, ku khitchini ya hotela, ku malo otsukira magalimoto. Paliponse mawu ake anali amodzimodzi: "Fulashi ndinakugulitsani ija mwina ndi yabodza. Bweretsani ndiione." Poti zabwino zinali zochepa, anthu ogwira ntchito moyandikana ankawapatsa imodzi kuti azibwerekana, ena n'kuwaikira manotsi m'foni mwawo. Ena anamuthokoza. Wina anamunyoza pamaso pa makasitomala. Iye anapepesa n'kupitirira.

Dzuwa litapendeka anafika pageti la nyumba yosungiramo katundu. Mlonda wa pamenepo anali bambo wa zaka zoposa makumi asanu, wamkulu kuposa onse m'kalasi, amene anzake ankamutcha Mdala. Anali akulemba mayesowo kachitatu.

"Yanga ili bwinobwino, mayi," anatero Mdala akuitulutsa m'kathumba ka pulasitiki. "Mpaka ndaikamonso ntchito yanga yolemba ija, yoti tipereke mawa. Ndinaichotsa mukompyuta ya mu ofesi chifukwa abwana ankadandaula."

Nataipi analowetsa fulashiyo mulaputopu. Dzina la ntchitoyo linalipo. Atatsegula, panangobwera tsamba loyera.

Mdala anavula chipewa, n'kukhala pansi pakhomo la kanyumba ka alonda.

"Mwandipha, mayi. Miyezi itatu. Anzanga akudya masana, ine ndikujompha ndi chala chimodzi ichi."

"Kope lomwe munayamba kulembamo ndi pensulo lilipo?"

"Lilipo. Koma ndi masamba makumi atatu, ndipo mawa ndi mawa."

"Chalacho chipume, bambo. Tengani kopelo, inu muziwerenga mokweza."

Nataipi anakhala pabenchi la alonda, laputopu pamiyendo. Mdala anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, akuima pa mawu aliwonse ngati akulankhula ndi mwana. Atakweza maso, anapeza mayiyo akumudikira, manja ali m'mwamba.

"Mayi, mukulembadi, kapena mukungoimba ng'oma?"

"Werengani, bambo, mukundichedwetsa."

Mdala anafulumira. Zala za Nataipi zinafulumira kuposa pamenepo, maso osayang'ana n'komwe pamabatani. Lole ikaliza hutala, Mdala ankathamanga kukatsegula geti kope lili m'manja, akuwerengabe mofuula, oyendetsa malole n'kumadabwa kuti mlonda wayamba kulalikira. Pena Nataipi ankamuimitsa: "Apa chiganizo chilibe mutu. Mumafuna kunena chiyani?" Mdala akafotokoza, iye ankati, "Nenani choncho basi," n'kulemba.

Maola awiri ndi theka asanakwane, anafika pa tsamba lomaliza. Nataipi anaika ntchitoyo mufulashi ya kadontho, anaizula, anaibwezera, n'kutsegula tsamba lililonse Mdala akuona ndi maso ake. Ntchito yomweyo anaisunganso mulaputopu, n'kumutumiziranso pafoni.

"Chinthu chofunika musamachisunge malo amodzi, ngakhale fulashi itachokera kwa ine," anatero.

Mdala anapukusa mutu. "Zala zimenezi ku ofesi kuja anazitayiranji?"

Lachisanu madzulo Nataipi anapita kusukulu ndi wilibala ya achimwene ake kuti akatenge tebulo. Sanapite kukapempha chifundo. Anali atachita zimene akanatha, ndipo mawu a ahedi anali mawu a ahedi.

Pakhonde panalibe tebulo.

Anaima atagwira wilibala, akuganiza kuti mwina alitaya kale kuseri. Ndipamene ahedi anatuluka mu ofesi n'kumukodola.

"Mayi, kuyambira dzulo mu ofesi muno simukupumika. Akubwera mmodzimmodzi. Ena akuti sankadziwa n'komwe kuti fulashi yawo ndi yabodza mpaka inu munawapeza kuntchito. Mdala uja wakhala pano theka la ola, wakana kutuluka mpaka ndimulonjeze. Ine ndakhala pasukulu zaka zambiri, anthu otigulitsa zinthu zoipa ndawaona. Wobwerera yekha kudzasaka amene sanadandaule ndinali ndisanamuone."

Kenako ahedi anapitiriza:

"Ndinati tebulo lichoke pakhonde, ndipo lachoka. Talilowetsa m'kachipinda ka mabuku. Muli soketi, batire silizikutherani. Koma lamulo langa ndi limodzi: fulashi yopanda kadontho kanu isagulitsidwe pasukulu pano."

"Zikomo, bambo," anatero Nataipi. "Nanga wilibalayi ndiyitani?"

"Bwezerani eni ake, asanayambe kulipiritsa."

Sabata yotsatira anayendera maholoselo ena ndi laputopu yake, n'kunena kuti agula katoni yathunthu, koma ayambe wayesa fulashi iliyonse pomwepo. Eni maholoselo awiri oyamba anamuthamangitsa. Wachitatu anamupatsa mpando, akuseka. "Mayi, mwabwera kudzagula kapena kudzalowa ntchito?" Anakhala pamenepo tsiku lonse. Atapeza zabodza zisanu ndi imodzi, mwini holoseloyo analeka kuseka, n'kumupempha kuti amuyesere katoni inanso.

Mbiri ya kadontho kofiira inayenda yokha. Sukulu ina yamadzulo inaitanitsa mafulashi zana limodzi. Kenako kunabwera a kwaya ofuna kugawana nyimbo, ojambula zithunzi, ndi ofesi za maloya zimene sizingalole kuti fayilo isowe. Lero Nataipi amagula mazana asanu nthawi imodzi, ndipo ali ndi shopu ya zipinda ziwiri: kutsogolo amagulitsa, kuseri amayesa. Analemba ntchito amayi awiri amene ankataipa nawo ku ofesi kuja. Ngakhale oda ikhale yaikulu bwanji, ngakhale kasitomala afulumire bwanji, fulashi siituluka isanadzazidwe, kuzulidwa ndi kutsegulidwa. Ana ake ali pasukulu, ndipo banjalo linasamukira m'nyumba yawoyawo. Mdala anakhoza mayeso ake, tsopano ndi kalaliki wolandira katundu pamalo pomwe ankalondera.

Kachipinda ka mabuku kaja sanakasiye. Madzulo alionse a sukulu amapezekamo iye mwini, poti amati anthu ofika mochedwa kuchokera kuntchito ndiwo anamuyambitsa.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli pa Lolemba lanu. Ntchito inatha, kapena malonda amene munaikapo zonse akubwererani m'manja, ndipo mwina mbali ina ya cholakwacho ndi yanu. Musabisale. Funsani kwa odziwa, ngakhale akusekeni. Pitani kwa amene munawalakwira asanabwere okha. Ndipo luso limene ena analiyesa lotha ntchito musalitaye, pali munthu pageti lina amene akulisowa lero lomwe.

Mtima usagwe, abale anga. Mawa dzukani, muyesenso.