Nkhope ya Mwamuna wa Mayi Asiyatu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Ngala, ndikugulitsa mandasi pafupi ndi malo ogona alendo. Bambo Mhango, mkulu wa kumpoto amene ankagulitsa zithunzi za buluu kwa alendowo, anati akufuna munthu wa manja odekha. Amayi anga sanakondwe. "Munthu wotulutsa nkhope za anthu padzuwa? Ukachenjere," anatero.

Inenso ndinkawakayikira. Mabotolo awo awiri a mankhwala analibe zolemba, ndipo ndikafunsa ankangoti, "Sakaniza mofanana, usanyambite." Tinkapaka mankhwalawo papepala ndi burashi m'chipinda chotseka mazenera, n'kudikira liume. Kenako tinkaika negetivu, kafilimu ka mu kamera, pamwamba, mbali yosawala ikuyang'ana pepala, n'kuphimba ndi galasi, kupana ndi mapegi anayi, n'kutulutsa padzuwa. Pepala likasintha mtundu, tinkalitsuka m'beseni mpaka madzi atayera.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, bwana atapita ku Dwangwa, kunabwera Mayi Asiyatu a ku Liwaladzi ndi alamu awo awiri. Amuna a mayiwo anamira panyanja osapezeka, ndipo mayiwo ankafuna chithunzi chawo. Chotsala chinali negetivu imodzi ya m'sutikesi. Alamuwo sanakhale pansi. Wamkulu anakweza negetivuyo kumwamba, nati, "Bwanji mano ndi akuda, nkhope yoyera? Mwamuchita chiyani kale?"

Ndinafotokoza kuti filimu imatembenuza zonse. Sanakhutire. Ndinaika chithunzicho padzuwa la masana, iwo n'kumandifunsabe za mabotolo, za kwawo kwa bwana, za anthu amene amabwera kuno. Ndinaiwala nthawi. Nditatsuka, malaya ndi bwato zinaoneka, koma nkhope inali bii, yopanda maso.

Mayi Asiyatu anakhala pansi m'fumbi, osalira. Mlamu wamng'ono anagwira chitseko. "Mwamutseka kumaso kuti asabwerere. Bwana wako ali kuti?"

Mumtima ndinayamba kuganiza zomwezo: mwina amayi ananena zoona. Koma ndinakhudza galasi, linali lotentha ngati chiwaya. Ndinadziwa kuti cholakwa n'changa.

"Ndachedwetsa ndine," ndinatero. "Lowani muone zonse."

Analowa m'chipinda cha mdima chija, ananunkhiza mabotolo, anasankha okha pepala. Wamkulu ndiye anapana mapegi. Panja ndinaphimba pepala loyesera ndi katoni, n'kumaisuntha pang'onopang'ono kuti tipeze nthawi yoyenera. Poyesa kachitatu, Mayi Asiyatu ndiwo anagwedeza beseni. Maso anatuluka, kenako chipsera cha pachibwano.

"Ndi yemweyu," anatero chapansipansi.

Alamuwo anatenga negetivu, mapepala owonongeka onse, ngakhale madzi a m'beseni anakathira okha kutali. Sanatsanzike.

Bambo Mhango atamva, anangoti, "Dzuwa la Okutobala silidikira munthu wolankhula." Kuyambira tsiku limenelo, chinthu chikalakwika ndimayamba ndafufuza manja anga ndisanaloze wina, ndipo chithunzi cha womwalira sinditsuka mwini wake asakuona.