Shopu Yanga ya ku Industrial Area

Ndimagulitsa timipeni takale topinda pa gulu la pa intaneti la anthu okonda kusunga mipeni. Ndinawanamiza kuti ndili ndi shopu ku Industrial Area, chikhalirecho ndimagulitsira m'kachipinda kanga ku Roysambu, dera la mumzinda wina kuno kunja kwa Malawi.

Tsiku lina ndinapukuta kampeni mpaka kanawala ngati galasi, ndinakajambula n'kutumiza pagulupo. Sindinaone kuti pachitsulopo ndikuonekapo ineyo, mimba ili pamtunda, nditamanga thawulo, masokosi ali pachingwe kumbuyo kwanga.

Bambo ena a ku Malawi, okhala ku Buruburu mumzinda womwewu, analemba kuti: "Achimwene, m'shopumo mumagulitsa muli chonchi?"

Ndinayankha kuti ku Industrial Area kumatentha. Mpaka pano ndikakumbukira yankho limeneli ndimagwira kumaso.

Kampeniko anagulabe. Titakumana pa siteji ya minibasi zomwe kuno amati matatu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndaona mwavala. Lero shopu simunatsegule?"