Galimoto Yoyezedwa ndi Tepi ya Telala

Pa Nsaru palibe amene sawadziwa mayi Ireen, telala wa pakhonde la sitolo ya a Saidi. Akhala pamenepo zaka 25, phazi lili pamakina, tepi yoyezera ili m'khosi. Mayiwa sakhulupirira maso a munthu. Mukakweza dzanja n'kunena kuti mwana wanu amalekeza apa, amakuyang'anani ngati mwawatukwana, kenaka amati, "Kamutengeni ndimuyeze." Ena amati ndi amwano. Kamwanoko kalipodi, koma sanaonongepo nsalu ya mwini.

Amuna awo, a Eliya, anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi liwu lalikulu loyambitsira nyimbo. Sitiroko itawagwetsa, mkono ndi mwendo wakumanzere zinafooka. Anapezako bwino mpaka kumadzuka okha pampando wawo wamlombwa n'kuyenda ndi ndodo kukafika pakhonde. Ndiye Lamulungu lina achibale, mwa chikondi chawo, anawakweza pangolo kupita nawo kutchalitchi. Pofika, anthu anayi anawatsitsa ngati thumba la fetereza, mpingo wonse ukuonerera, amayi ena akugwira pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo a Eliya anakana kutuluka pakhomo. Kutchalitchi ayi, kumaliro ayi, ngakhale kuchipatala ankangotuma akazi awo kukawatengera mankhwala. Zinatha choncho zaka ziwiri.

Zimenezi zinkawapweteka mayi Ireen kuposa matendawo. Munthu wamoyo, wamutu wake wabwinobwino, kumangokhala m'nyumba kuwerenga mitengo ya denga! Anatsimikiza mumtima kuti agula galimoto imene a Eliya angakwere okha, popanda dzanja la munthu. Anasunga zimene anapeza pa mtedza ndi soya, anagulitsa ng'ombe ziwiri, n'kupita ku Lilongwe kukaphunzira kuyendetsa ali ndi imvi kale. Mayeso analephera kawiri, kachitatu anabwerako ndi laisensi. Ndalamazo zinali za kagalimoto kakang'ono basi, kakalekale, kosamwa mafuta.

Asanayang'ane galimoto ina iliyonse, anayamba ndi ntchito imene amaidziwa. Anayeza mpando wamlombwa uja, mainchesi 22 kuchokera pansi. Anayeza sitepe ya pakhonde imene phazi lofooka lija limatha kukwera, mainchesi 13. Kenaka anapita padambo la panjira ya kumudzi kwawo, pamene ngolo ndi malole a fodya zinakumba mbali zonse n'kusiya msana pakati, nagwada pamenepo ndi tepi. Mainchesi sikisi. Akabaza amene anawapeza anafalitsa pamsika kuti telala wayamba kusokera msewu diresi.

Idrissa, mwana wa a Saidi, amakatenga magalimoto ku Dar es Salaam, ndipo mwezi umenewo anali nawo awiri ogwirizana ndi thumba la mayiwa. Ina inali yofiira, yowala, yawailesi yolankhula Chijapani. Ina inali yotuwa, yamakona ngati katoni ya sopo, yokalika chitseko chakumbuyo.

"Mayi, yanu ndi yofiirayi," anatero Idrissa akuisisita. "Mafuta imangonunkhiza. Mukalowa nayo ku Kabudula, anthu aimirira."

Mayi Ireen anayala chitenje pansi, anagwada, n'kulowetsa tepi kunsi kwake.

"Mainchesi asanu. Iyi ikasiya matumbo padambo paja." Anatsegula chitseko n'kuyeza mpando. "Nanga apa? Munthu wodwala mwendo akakhala m'chitsime muno, adzamuvuula ndani?"

"Kodi mukugula galimoto kapena mukusoka, mayi?"

"Zonse ndi zovala, bambo. Munthu amalowamo."

Yotuwa ija inawayankha bwino. Kunsi mainchesi seveni, mpando 23, polowera phazi 13 ndendende. Chitseko chinkatseguka kwambiri, ndipo pamwamba pake panali chogwirira cholimba chimene mayi Ireen anachikoka ndi thupi lawo lonse, Idrissa mtima uli m'mwamba. Anaitana makaniki wa pamsika kuti amvetsere injini, namufunsa ngati zipangizo zake zimapezeka msanga. Makaniki anati zili mbwee m'tauni.

"Ndiye tamvana, eti?" anafunsa Idrissa.

"Ayi. Ine chovala sindipereka mwini wake asanayese. Tiyeni kumudzi."

Idrissa anadandaula za mafuta ndi fumbi, koma mayiwa anali atakhala kale pachiwongolero. Padambo paja anachepetsa liwiro, khutu lili pansi. Galimoto inadutsa osakhula paliponse.

Kunyumba anaimika galimotoyo chitseko chakutsogolo chili pafupi ndi khonde, nauza Idrissa kuti akakhale kuseri kwa nkhokwe, asasuzumire. A Eliya anali pampando wawo, nkhope ili gwa.

"Mwabweretsanso anthu odzandinyamula?"

"Palibe wokunyamulani, abambo a Sarah. Onani manja angawa." Anawabisa kumbuyo. "Sindikukhudzani. Iyi ikakukanani ndikayeza ina, inayo ikakana ndikayezanso ina. Koma zoti mudzafere pampando umenewo ine ndikusoka mayunifolomu, zimenezo ndakana."

A Eliya anavala nsapato, anatenga ndodo, natsika sitepe. Anafika pachitseko, anatembenuka, anagwira chogwirira chija ndi dzanja labwino n'kukhala pampando bwinobwino. Mwendo wakumanja unalowa. Wakumanzere unakwera pang'onopang'ono, ukunjenjemera, n'kugunda m'mphepete mwa chitsulo, nubwerera pansi.

Mayi Ireen, telala wa zaka 25 pantchitoyi, amene amakalipira aliyense wodula nsalu osasiya ya msoko, anayeza 13 pa 13 osasiyako ngakhale theka la inchesi. Ndiponso sitepe ija a Eliya ankaikwera opanda nsapato zolemerazi. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo manja aja ankafuna kuthawa okha kumbuyoko. Anawakanikiza mpaka zala kuwawa.

Phazi linayesanso, linagundanso. A Eliya anapuma, thukuta lili kamukamu. Kenaka anasiya chogwirira, anagwira buluku lawo pabondo, nakoka mwendo wawo ngati akuzula chinangwa. Nsapato inadutsa chitsulo chija n'kugwera mkati.

Mayi Ireen anathamangira kuti atseke chitseko.

"Chisiyeni," anatero a Eliya. Anatambasula dzanja lamanja modutsa pachifuwa, nachikoka okha. Chinatsekeka kuti phwa, moti Idrissa anatulukira kuseri kwa nkhokwe akuganiza kuti galimoto yake yaphwanyika.

A Eliya anakhala m'katimo akuyang'ana njira yotuluka pakhomo, njira imene sanaiponde zaka ziwiri. Patapita kanthawi anatsitsa galasi.

"Amake Sarah, jekete yanga yakutchalitchi ija ikadalipo? Kaya indikwananso, mmene ndaonderamu."

Mayi Ireen anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, tepi ikulendewera m'khosi.

"Ikukwanani," anatero. "Ndinaichepetsa kale chaka chatha."