Chitsulo chimene chinagona pansi pa bedi lathu

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti mzimayiyu akungopeka kuti aipitse mwamuna amene anamusiya, koma ine ndine munthu wopemphera, ndipo zimene ndikulembazi zinachitikadi, m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku Kalingalinga, masanasana anthu akuona. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Papita zaka zinayi, koma mpaka lero ndikamva galainda, makina aja odulira zitsulo, ikulira kwa aneba ndimayamba ndayang'ana kumene kuli mwana wanga.

Ndiyambe ndi kuvomera mbali yanga: makina amene anabweretsa zonsezi ndinawalumikiza ndine. Ndili ndi setifiketi ya zamagetsi ya ku koleji, imene inkangogona m'sutikesi, chifukwa kulikonse kumene ndinkakafunsa ntchito ankayang'ana mwana kumsana n'kundiuza kuti adzandiimbira. Amuna anga anali owotcherera zitsulo, aja opanga mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu. Ndiye kunabwera amalume awo, munthu wa pakamwa potsekemera amene anayendapo kokumba golide kummawa, atanyamula bokosi la makina ofufuzira zitsulo pansi pa nthaka. Ati kambale kake kakang'ono kaja, kogwira pamanja, n'kotayitsa nthawi, tsiku lonse umathera pa malo ngati bwalo la nyumba. Anzawo kumeneko ati akugwiritsa ntchito koilo yaikulu ngati chitseko, waya wozunguliza pa felemu, yokoka ndi njinga yamoto, imene imasesa munda wonse dzuwa lisanapendeke ndipo imamva zakuya.

Amuna anga anapanga felemu yachitsulo yokongola, yopenta ndithu, n'kumangirirapo waya. Atayatsa, makinawo analira osalekeza ngati mwana wolumidwa ndi linthumbu. Ine ndili pakhomo ndikuchapa matewera ndinaseka, n'kuwafunsa kuti makina osaka chitsulo mwawagoneka pa chitsulo, mumati akhala chete bwanji? Tsiku limenelo amalume anandiyang'ana koyamba ngati munthu. Ati bapongozi, kansi sukulu ija siinapite pachabe, siyani matewerawo mubwere kuno.

Mukudziwa mmene zimakomera, munthu amene wakhala akungotchedwa amake mwana akaitanidwa chifukwa cha nzeru zake? Ndinaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Felemu ndinapanga ya mapaipi apulasitiki amadzi, osalowetsa msomali ngakhale umodzi, waya wa kopa ndinauzunguliza m'kati mwake, pansi ndinaika matabwa awiri kuti izitsetsereka pa udzu, ndi chingwe chachitali kuti njinga ikhale patali isamasokoneze. Woyenda pambuyo ndi bokosi ndi mahedifoni ndinati azivula lamba ndi nsapato zija zachitsulo kuzala. Ndinawachenjezanso chinthu chimodzi, Mulungu ndi mboni: koilo yaikulu siimva timiyala ta golide, imamva chinthu chachikulu chokwiririka pansi, ndipo siikuuza kuti n'chiyani. Amalume ati zazikuluzo ndiye zimene akufuna.

Anapita nayo ku famu ina kunja kwa tauni, kumene mlonda anawauza kuti kalekale kunali msasa wa omenyera ufulu a m'mayiko oyandikana nafe. Kwa amalume imeneyo inali nkhani yokoma, ati anthu a kunkhondo amakwirira chuma. Masiku atatu anaikoka koiloyo uku ndi uku, n'kumafukula makasu a pulawo, migolo yoola, mpaka chitseko cha galimoto. Tsiku lachinayi anafika akumwetulira, chinthu chili m'thumba la ufa atachimangirira kumbuyo kwa njinga, ndipo anadutsa nacho m'maenje onse a msewu uja.

Chinali chachitali ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, cholemera, chadzimbiri, chonenepa pamimba, chosongoka kumutu, kumchira kuli timapiko ngati ta nsomba. Amalume ati ichi n'chosungiramo mekyule wofiira, mankhwala amene ati ndi odula kuposa golide, ndipo ogula ake akuwadziwa. Anaika ndi malamulo: chikulungidwe mu nsalu yoyera, chigone pansi pa bedi la mwini nyumba, ndipo munthu wakunja asachione kapena kumva za icho, chifukwa chuma chofukula chikangomveka kunja chimathawa, mumatsala ndi chitsulo wamba. Ponena zimenezi ankayang'ana ine, n'kundikumbutsa kuti alangizi anandiphunzitsa kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo. Ndinavomera. Ndikanatani, poti ndinali nditangoyamba kuwerengedwa?

Chinagona pansi pa bedi lathu masiku asanu. Mwana wanga wamkazi anali ndi chaka ndi miyezi itatu, msinkhu wolowa paliponse. Tsiku lachisanulo m'mawa ndinamusiya ndi bambo ake ndikupita kotunga madzi, ndipo pobwera ndinapeza iwo ali panja pa foni, kuchipinda kukumveka ngo, ngo, ngo. Nditasuzumira ndinangoona timiyendo tikutuluka kunsi kwa bedi. Anali atavundukula nsalu ija, akumenya chitsulocho ndi supuni, akuseka. Ndinamukoka, koma sindinganame kuti ndinali nditadziwa kale. Chimene chinandivuta ndi timapiko tija. Chosungira mankhwala chimafuna mapiko a chiyani? Ndinachijambula pa foni n'kufufuza pa intaneti, ndipo zithunzi zonse zimene zinabwera zinali za mabomba a kunkhondo, aja oponya ndi mzinga, amene amatha kuphulika ngakhale atakhala zaka zambirimbiri m'nthaka.

Ndinawaonetsa amuna anga zithunzizo, iwo n'kuitana amalume, amalume n'kuseka mpaka kutsokomola. Ati bapongozi, vinthu va pa foni ivi, mufuna boma lilembe kuti mukatola chotere mwalemera? Amalembera dala kuti ni bomba, kuti amantha azikapereka okha. Amuna anga, munthu amene ndinkamudziwa kuti ndi wofatsa, anandiuza kuti kasetifiketi kanga kasandipatse matama, kulumikiza waya si kudziwa zonse, ndipo poti ndayamba zamantha, achitsegula tsiku lomwelo kuti ndione ndi maso anga.

Anachitulutsira kuseri kwa nyumba, n'kuchigoneka pa mabuloko awiri, n'kutchinga ndi malata akale kuti anthu asaone, n'kubweretsa galainda. Amene mumaidziwa komboni yathu mukudziwa kuti kuseri kwa nyumba yako ndi pakhomo pa mnzako. Mbali ina kunali mayi wokazinga vitumbuwa pa mbaula, mbali ina kasukulu ka mkaka kumene ana ankaimba. Chimene chinatigwira dzanja poyamba ndi chomwe timachitukwana tsiku ndi tsiku: malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, ndipo sabata imeneyo ankabwera cha m'ma 14, ndiye kuti 2 koloko masana. Nthawi inali itadutsa 12.

Ndinagwada pa dothi, ine, kuwapempha kuti aganizire mwana. Amalume ati mkazi akalirira pa chuma amachithamangitsa, ndichoke pamenepo ndikaphike. Kenaka awiriwo anapita ku hadiweya kukagula chimbale chatsopano chodulira, n'kusiya galainda ili yolumikiza kale ku soketi. Ndinabereka mwana kuti ndithawe ndekha, ndipo ndikuvomera kuti ndinafika mpaka pamsewu. Koma ana a kusukulu aja anali akuimbabe, ndinkawamva ndili pamsewupo. Ndinabwerera, n'kutsegula galainda ija, n'kuchotsa timabulashi tiwiri takuda timene popanda ito injini yake siizungulira, n'kutsekanso bwinobwino. Timabulashito ndinatimanga pa nsonga ya chitenje. Chitsulo chija sindinachikhudze, ngakhale kuchiyang'ana ndinkachita mozemba.

Ku polisi ndinapita wapansi, kuthamanga pang'ono, kuyenda pang'ono, mwana akudumphadumpha kumsana. Wapolisi wa pa kauntala anayamba n'kundifunsa ngati ndayambana ndi bambo a kunyumba, koma atangoona chithunzi anaimirira. Zolembalemba ndi kudikira galimoto zinadya nthawi, ndipo tikulowa m'komboni ndinamva ana akukuwa kuti malaiti abwera, mawailesi akuyamba kulira nyumba ndi nyumba. Nanga akanabwereka galainda ina? Kwathu galainda ndi chinthu chopatsirana pa mpanda. Titafika tinapeza amuna anga atanjuta pamwamba pa chitsulocho, akugwedeza galainda yakufa n'kumaimenyetsa pa chikhatho, amalume ali pa geti akupita kukabwereka ya aneba.

Apolisi anachotsa anthu m'nyumba zonse zozungulira, ana a sukulu anatuluka pa mzere atagwirana malaya, kenaka kunabwera asilikali ndi matumba a mchenga. Wachikulire mwa iwo atachiyang'ana anafunsa kuti amafuna kuchidula ndani. Atamulozera amuna anga sanawakalipire, anangowafunsa kuti ali ndi ana angati. Anachinyamula pang'onopang'ono ngati mwana wobadwa kumene. Pambuyo pake apolisi anatiuza kuti anakachiphulitsa kutchire kutali, ndipo chinali chamoyo.

Mwina mukuganiza kuti apa ndiye anthu anandithokoza. Amuna anga ndi amalume anasungidwa masiku awiri n'kutulutsidwa atachenjezedwa, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itazungulira komboni yonse, koma ili chadodolido. Ati banja lija linatola chuma, mkazi wansanje n'kuitana boma, asilikali agawana. Ati inu munamva kuphulika? Palibe anamva, ndiye bomba lake liti? Mayi wa vitumbuwa uja, amene mbaula yake inali mapazi owerengeka kuchokera pa chitsulocho, ananena pampopi ine ndikumva kuti akazi ophunzira ndi oopsa, amagulitsa mwamuna ku polisi ngati tomato. Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Matero ndi alangizi awiri n'kundikhazika pa mphasa. Za mdzukulu wawo sanafunse. Ankafuna kudziwa kuti ndinatulutsiranji za m'nyumba, ndiponso kuti ndigwade ndipepese kwa amalume. Ndinawauza kuti ndagwada pa zambiri m'banja limeneli, koma pa ichi sindigwada. Ati ndiye wasankha wekha mwana iwe.

Patatha mwezi amuna anga analongedza makina awo owotcherera n'kupita kummawa ndi amalume, koilo yanga ija, imene inatsala ku famu apolisi osaiona, ataimangirira pamwamba pa katundu. Sanabwerenso kudzakhala. Ndimamva kuti akukokabe, munda uno munda uwo, ndipo foni ikalira ndi nambala yachilendo ndimayamba ndakhala pansi ndisanayankhe. Mwana wanga akandifunsa kuti adadi anapitiranji ndimasowa poyambira. Abale a bambo ake adzamuuza kuti amake anathamangitsa chuma, ndipo ine sindidzakhala ndi chomuonetsa, chifukwa umboni wokhawo umene anthu awa akanaukhulupirira ndi maliro.

Lero ndimakhulupirira kuti makina aja analibe mlandu, anapeza chitsulo chachikulu monga ndinawapangira. Chimene chikanatipha ndi lamulo lija loti usauze munthu, ndi ine amene ndinalisunga masiku asanu. Ndiye azimayi anzanga, makamaka inu amene amuna anu ayamba kukoka makoilo m'mafamu, m'nyumba mukalowa chitsulo chimene simukuchidziwa, musachikhudze, musachisunthe, tulutsani ana mukanene, ngakhale wina akuuzeni kuti chithawa. Koma musapite mukuyembekezera zikomo. Mwina mudzataya banja, ndipo amene ana awo ali moyo chifukwa cha inu ndi omwe adzakunenani. Ine zonsezo zinandigwera, ndipo sindinawakhululukire. Abusa akuti ndiyesetse. Ndikuyesetsa, koma sindinafikepo.