Ndevu Zimene Selby Anameta

Selby Rideout ndi munthu wa m'sitima za pamadzi. Nsomba zitachepa m'nyanja yathu kuno ku Newfoundland, amuna ambiri anayamba kukagwira ntchito m'sitima zonyamula tirigu kutali kumtunda, ndipo Selby ndi mmodzi wa iwo. Amachoka chisanu chikamatha, n'kubwera madzi akaundana, Khrisimasi ili pakhomo. Ndi chimunthu chachitali, chamapewa ngati chitseko, koma chofatsa moti ngakhale mphaka amachilanda mpando.

Mwana wake Effie, wa zaka zinayi, bambo akewo ankawadziwira pafoni. Akaimba, pagalasipo pankadzaza ndevu zofiira, maso n'kumasuzumira pamwamba. Effie ankawaonetsa zidole, bala la pabondo, ngakhale chimene watola m'mphuno, Selby n'kumafa nazo nseko. Ndipo kuseka kwa Selby, ndinene zoona, n'koipa. Kumayamba ngati injini yokana kulira m'mawa, n'kuthera m'mphuno ngati nkhumba. Mkazi wake Verna amati anakwatiwa naye asanamumve akuseka.

Chaka chimenecho Selby anafuna kufika kwawo ali wotchena. Tsiku lotsika m'sitima anatenga lumo n'kumeta ndevu zonse, osamufunsa ndi Verna yemwe. Paja safunsa anadya phula.

Atatsegula chitseko, manja ali tambasu, Effie anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenako anabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake.

"Amami, kwabwera bambo wina."

"Iwe, amenewa ndi adadi ako."

"Ayi. Adadi amakhala mufoni. Ali ndi ubweya."

Verna anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuti nkhani ithe, anaimba nambala ya mwamuna wake. Foni italira m'thumba la Selby, Effie anakwinya nkhope n'kunena motsitsa kuti, "Abanso foni ya adadi."

Tsiku loyamba zinali zoseketsa. Koma masiku anapita, mwana osasintha. Pokongoletsa mtengo wa Khrisimasi, Effie anaunjika zonyezimira zonse panthambi imodzi yam'munsi mpaka inawerama, ndipo Selby atati amunyamule kuti aike nyenyezi pamwamba, mwanayo anauma gwa n'kupempha mpando. Patsiku la Khrisimasi analandira mphatso ndi manja awiri, nati, "Zikomo, abambo inu," kenako anafunsa mayi ake ngati alendowo agonenso.

Zinamupweteka Selby, zinamupweteka kwambiri. Munthu amene amakangana ndi mafunde anayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba mwake momwe. Ankalankhula monong'ona, ankamwetulira mopempha, ndipo kuseka kunamuthera. "Mupatseni nthawi, bambo a Effie," ankatero Verna. Koma nthawi ndi imene Selby analibe. Madzi akasungunuka sitima imamuitana, ndipo mantha ake anali oti adzachoka pakhomo pake ali mlendo, mwana wake akusangalala kuti mpando wa adadi wamasuka.

Khrisimasi ikangodutsa, kwathu kuno kumayenda majani. Anthu amavala zopusa, amaphimba nkhope, amasintha mawu, n'kumagogoda m'makomo. Eni nyumba amawapatsa keke ndi chakumwa, n'kumalota kuti ameneyu ndi uje. Amene wadziwika ayenera kuvula kumaso, lamulo lake ndi limenelo.

Madzulo ena, dzuwa litangolowa, Verna ndi Effie anapita kwa agogo a Dulcie, mayi ake a Verna, komwe anthu anasonkhana m'khitchini. Selby anatsala, akuti mutu. Ndiye kunabwera mnzake wa paubwana, Ches, atanyamula thumba la nsanza.

"Dzuka, aise. Wakhala ngati nkhuku yonyowa. Tiye tikavute anthu."

"Ndilibe mtima wake, Ches."

"Mtima ukaupeza kutsogolo. Vala izi."

Anamuveka diresi la maluwa la malemu azakhali ake, n'kumuika mapilo kumimba ndi kumbuyo. Kumanja masokosi, kumapazi majombo osiyana, kumutu katani yakale ya pawindo yolendewera mpaka pachifuwa. Selby atadziona pagalasi anavomereza kuti ngakhale mayi ake omubereka akanamuthawa.

Kwa agogo a Dulcie anagogoda ndi ndodo, Ches n'kufunsa ndi mawu okokera m'kati ngati majani aloledwa. Analowa, chipale chofewa chili mbuu m'mapewa. Ana ena analira. Effie anakwawira pansi pa tebulo, maso okha ali kunja. Selby atamuona kudzera m'mabowo a katani, mtima unamugwa. Anati mumtima, ndamuopsezanso kachiwiri.

Wina anayamba kuimba kodiyoni, majani n'kumavina, mbale zikugwedezeka m'kabati. Ches anadziwika msanga chifukwa cha matewe ake. Koma chimayi chamaluwacho chinawasokoneza onse. Ena anati ndi abusa, ena anati ndi mkazi wa wapositi. Verna amene, yemwe anasiya mwamuna wake akudwala mutu, analota mayina a anthu ena.

Agogo a Dulcie anaimirira, nati, "Ndisiyireni ine, thupi silinama." Anazungulira kumbuyo, n'kutsina pilo uja mwamphamvu. "Mayi ameneyu wadya bwino, koma mnofu wake ndi wa thonje."

Apo Selby analephera kudzigwira. Injini ija inayamba, inatsokomola, inakana, kenako mphuno inamaliza ntchito yake.

Akuluakulu asanatsegule pakamwa, nsalu ya patebulo inagwedezeka. Effie anatuluka chokwawa, anaimirira, n'kudutsa pakati pa majombo a anthu osayang'ana kumbali. Kodiyoni inasiya yokha. Kamwanako kanafika pa chilombo chija chimene ana onse ankachithawa, n'kukumbatira mwendo wake, tsaya lili pa diresi.

"Awa ndi adadi," anatero, ngati akunena kuti kunja kwazizira. "Mwachedwa bwanji?"

Selby anaima osapuma. Anali ataonapo namondwe akunyamula chitsulo ngati tsamba, koma chinthu chodabwitsa chotere anali asanachione. Anabwera ndi nkhope yake yeniyeni, mwana anamukana. Lero wabisa chilichonse, manja, mapazi, maso, ndipo kamunthu kosadziwa kumanga nsapato kamupeza m'kati mwa nsanza zonsezo.

"Wadziwika, vula," anatero Ches, koma mawu ake anali ofewa.

Mantha anamugwira Selby kuposa kale. Pansi pa katanipo panali nkhope yomwe ija ya bambo wakuba foni. Anagwada pang'onopang'ono, mapilo akumupinga, koma kataniyo sanaikhudze.

Effie ndi amene anakweza kataniyo. Anasuzumira, anakwinya nkhope, n'kuitsitsanso msanga. Verna anagwira pakamwa.

"Tasekaninso," analamula mwanayo.

Munthu sasekera kulamulidwa, makamaka misozi ili m'maso. Koma agogo a Dulcie anatsinanso pilo uja, ndipo chinachake chinatuluka, theka kuseka theka kulira, mphuno n'kumaliza monga mwa masiku onse. Effie anakweza katani phokoso lisanathe, kuti aone ndi maso ake kumene likuchokera. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ubweya mwausiya kuti?"

"Ndinameta, mwanangu. Ndinkafuna kukukongolerani."

"Simunakongole."

"Ndaona."

Anatambasula kadzanja n'kusisita chibwano cha Selby. Selby anali asanagwire lumo chifikire, ndipo pankabaya. Effie anabweza dzanja, analiyang'ana, n'kulibwezeranso pomwepo.

"Amami," anaitana osacheuka, "ubweya wayamba kubwera. Asapitenso mufoni mpaka uthe kumera."

Selby anaimirira. Anamunyamula, ndipo mwanayo sanaume. Pobwerera kunyumba anayenda ndi diresi lake lomwelo pachipale, Effie ali pamapewa, manja onse awiri atagwira chibwano cha bambo ake kuti chisathawenso.