Mfundo Imene Ndinamanga pa Matola

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba, atsibweni anga anabwera kuchokera ku Kepi. Kumeneko ankagwira ntchito kwa mzungu wina wa ngalawa za matanga, zoyenda ndi mphepo. Mzunguyo ankakonzekera mpikisano wowoloka nyanja yaikulu yamchere, masabata ambiri osaona mtunda, ndipo anawatuma kuti abwere ndi mnyamata mmodzi wamphamvu wa kwawo.

Kwathu ku Chisepo panalibe wofunsa kuti mnyamatayo ndani. Ine ndine mwana wa mlongo wawo, ndipo pa mwambo wathu ameneyo ndiye wako, wobereka wekha ndi wa kuchikazi. Mayi anayamba kale kuuza anzawo kutchalitchi kuti ndikupita.

Tsiku lina atsibweni anandionetsa zithunzi za ngalawa ziwiri, ina yatsopano yopepuka, ina yakale yolemera. Anati bwana wawo sakudziwa yoti atenge.

"Iwe ungasankhe iti?"

"Yolemerayo, atsibweni. Ngolo yopepuka ndi imene imagubuduzika pa chitunda."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Uli ndi mutu, mphwanga. Nyanja ikufuna anthu ngati iwe."

Mawu amenewo ndinawameza osatafuna. Ndinayamba kusambira m'damu la kudimba mwezi wa Juni, mano akugundana. Ndinaphunzira kumanga mfundo zonse za pa ngalawa zimene atsibweni anandionetsa, ndi zingwe za m'chigafa cha fodya, makamaka ina imene imalimba pamene ukuikoka. Fodya wanga chaka chimenecho ndinamusiya m'manja mwa mayi.

Kenako atsibweni anati, "Umuphunzitsenso msuweni wako, uzikhala ndi wopikisana naye." Msuweni wangayo, mwana wawo wobereka, ankaopa madzi ngati mbuzi. Ndinkamugwira pamimba m'damu muja, ndikumuseka kuti nkhanu zimudya zala. Mfundo ndinkamugwira dzanja pomanga. Ndinali mphunzitsi wabwino, ndipo zimenezi zimandipwetekabe mpaka lero.

M'mawa wa ulendo ndinafika pa siteji ndi chikwama changa. Ndinapeza msuweni wanga atakhala kale kutsogolo kwa matola, atavala jekete la bambo ake. Sanandiyang'ane.

"Atsibweni, ine ndikhala pati?"

"Malo ndi amodzi, mphwanga. Iwe uyang'anire mayi ako ndi munda."

"Nanga mwana wa mlongo wanu si ine?"

"Zamwambozo zinapita ndi chipani chimodzi. Masiku ano aliyense akusankha yekha."

Anayankhula mofatsa, ngati akundiuza mtengo wa feteleza. Pamenepo ndinazindikira kuti anasankha kalekale, asanatsike n'komwe basi yochokera ku Kepi. Ine ankangondifuna ngati munthu woti ndiwatulutsire mwana wawo mantha a madzi. Mtima unandiwawa kwambiri, koma atsibweni suwakwezera mawu anthu akuona, choncho ndinangoima ngati chitsa.

Dalaivala analiza injini. Katundu wawo pamwamba anali akugwedera, chifukwa msuweni wanga ndiye anamanga, ndipo mfundo ija anali ataiphonyanso. Atsibweni anakoka chingwe, chinamasuka. Anatembenukira kwa ine.

"Tabwera umange iwe. Zako sizimasuka."

Ndinaika chikwama changa pansi, ndinakwera pamwamba, ndinamanga. Ndinakoka mpaka chingwe chinandicheka m'manja. Matola ananyamuka, ndipo katundu uja sanagwederenso mpaka anazimiririka kuseri kwa phiri.